Ndiye Ankalima Ndani?

Mphunzitsi aliyense wa Hisitole m'dziko muno ali ndi luso limodzi lomwe sanakalitenge ku Domasi kapena ku Chancellor College: kujambula piramidi pa bolodi ndi kachoko kogwira ndi zikhadabo. Mizere itatu, n'kudula m'kati kawiri kapena katatu, basi anthu a dziko lathunthu alowamo. Pansonga mfumu, m'munsi mwake ansembe ndi nduna, pansi penipeni alimi ndi akapolo. Piramidi imodzi yomweyo imagwira ntchito ku Egypt, ku France, ku Russia mpaka kwa Mzilikazi. Aphunzitsi amangofufuta mayina ndi chikhatho n'kulembapo ena. Ana amakopera, amaloweza, a MANEB akafunsa amabweza momwe analandirira. Zonse zimayenda bwino lomwe mpaka mwana wina atakweza mkono.

* * *

Kusukulu ina ya kumudzi aphunzitsi anali pa Egypt. Farao pamwamba, kenako ansembe, alembi, amisiri, alimi. Kamtsikana kakutsogolo kanayang'ana piramidiyo kuyambira kumwamba mpaka pansi, n'kudzuka.

"Sala, nanga aphunzitsi ali pati?"

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana bolodi, n'kuloza pa alembi.

"Ndiye kuti munali apamwamba?"

"Nthawi imeneyo, inde. Khala pansi."

Ndipo kanakhaladi pansi penipeni, poti kalasiyo ilibe desiki ndi imodzi yomwe.

Koma funsolo linawakanda poyabwa. Anatseka buku n'kuyamba nkhani yomwe mulibe m'manotsi. Amisiri omwe ankasema manda a mafumu, okhala m'mudzi womwe lero umatchedwa Deir el-Medina, sankalandira ndalama. Malipiro awo anali tirigu ndi balere pamwezi. M'chaka cha 29 cha ulamuliro wa Ramesses III tirigu uja anachedwa. Amisiriwo anataya zida n'kukakhala pansi pafupi ndi kachisi, akudandaula njala. Mlembi wina analemba zonsezo pa pepala la gumbwa, lomwe lilipo mpaka lero ku Turin, m'dziko la Italy. Imeneyo ndiyo sitalaka yakale kwambiri yomwe inalembedwa, zaka zoposa 3,000 zapitazo.

"Anthu agwira ntchito mwezi wathunthu!" aphunzitsi anamenya tebulo. "Tsiku lolandira lafika, zii! Mawa lake, zii! Akuti dikirani, zikukonzedwa!"

Mawu anakwera mpaka a hedi anasuzumira pazenera. Linali tsiku la 9 la mwezi watsopano, malipiro a mwezi watha asanalowe.

"Aphunzitsi, zimenezi zili mu silabasi?"

"Ayi bwana. Zili m'thumba mwangamu."

* * *

Madamu ena m'tauni anali pa France wa mu 1789. Anafotokoza bwinobwino kuti anthu anali m'magulu atatu. Loyamba ansembe, lachiwiri a mabanja olemekezeka omwe ulemu wawo ankachita kubadwa nawo, lachitatu wina aliyense wotsala, pafupifupi anthu 97 pa 100 alionse. A gulu lachitatuwa ndiwo ankasenza katundu yense: msonkho wa mchere, chakhumi cha kutchalitchi, ndi kulambula misewu ya mfumu popanda malipiro. Mfumu Louis XVI itauma m'thumba inaitanitsa msonkhano wa magulu atatuwo ku Versailles, msonkhano womwe unali usanachitikenso chichokereni 1614. Mwambo wake unali woti gulu lililonse likhale ndi voti imodzi. Awiri aposa mmodzi, mlandu watha usanayambe.

"Madamu, loya anali gulu liti?"

"Lachitatu."

"Nanga mwini masitolo ndi zombo?"

"Lachitatu."

"Nanga wopemphapempha pamsewu?"

"Lachitatunso."

"Ndiye loya ndi wopemphapempha anali ofanana?"

"Pa bolodi pano, inde."

Madamuwo ananena zoona kuposa momwe ankaganizira. Robespierre, uja anadzatumiza anzake ambiri kokadulidwa mitu, anali loya wa ku Arras, ndipo ku Versailles anapita ngati nthumwi ya gulu lachitatu. Ambiri mwa oyankhulira anjala anali anthu odya katatu patsiku. Bokosi limodzi la pa bolodi limabisa zimenezi, ndipo mwana yemwe wazitulukira yekha amauzidwa kuti akuchedwetsa anzake.

Tsiku lotsatira madamu anati pachitike sewero kuti phunziro lilowe. Anasankha ana awiri kukhala ansembe, atatu kukhala olemekezeka, kalasi yonse yotsala gulu lachitatu. Nkhani yovotera inali yoti ndani azikolopa kalasi teremu yonse. Ansembe anati gulu lachitatu. Olemekezeka anati gulu lachitatu. Gulu lachitatu linati tonse. Madamu analemba pa bolodi 2 kwa 1, belu la buleki n'kulira.

Pobwerako anapeza ansembe atatsekeredwa m'kachipinda ka matsache, olemekezeka atalandidwa mandasi, ndipo mnyamata wina ataimirira pa desiki akuwerenga malamulo atsopano. A hedi atafunsa chomwe chachitika, madamu anangoti, "Phunziro lalowa mopitirira muyeso."

* * *

Ya Amaravi ndiyo imavuta kuiphunzitsa m'chigawo chapakati. Aphunzitsi ena ku Dedza atangonena kuti ufumu wa Kalonga unali wa a Phiri, theka la kalasi linadzuka kulengeza kuti kuyambira lero silidzasesanso pabwalo. Atawonjezera kuti a Banda ndiwo anali eni nthaka komanso osunga kachisi wa mvula, theka linalo linadzuka kufunsa kuti nanga a Phiri akukhaliranji pamalo a eni ake osalipira lendi. Anatsala ana atatu, a Mwale ndi a Nkhoma, omwe anali atayamba kale kutola matsache.

Aphunzitsi anayesa kuzimitsa moto. Anati mpando wa Kalonga sunkapita kwa aliyense wotchedwa Phiri, unkadutsira kuchikazi, m'bere la Nyangu, ndipo panali a Phiri ambirimbiri omwe ankalima, kusenza minyanga ndi kupereka mitulo ngati wina aliyense. Palibe anamva.

Ndiye anapereka ntchito yokachitira kunyumba: aliyense akafunse agogo ake kuti makolo awo anali yani kalelo. Lolemba mayankho anabwera. Uyu agogo a agogo ake anali mfumu. Uyo anali nduna ya mfumu. Wina mkulu wa nkhondo, wina mlongo wa mfumu, wina sing'anga wa kubwalo la mfumu. Mdzukulu wa kapolo panalibe ndi mmodzi yemwe, chonsecho kwa Jumbe ku Nkhotakota kunkadutsa anthu zikwizikwi chaka ndi chaka, ndipo m'midzi momwemu munali akapolo a pakhomo, ena ogwidwa pankhondo, ena operekedwa polipira mlandu. Mdzukulu wa munthu wamba wolima mawere ake panalibenso.

Aphunzitsi anawerenga makope onse, anavula magalasi, n'kuyang'ana kalasi.

"Ndiye ankalima ndani?"

Mnyamata wakumbuyo sanachedwe: "A ku Fomu 2B, Sala."

* * *

Kwa Mzilikazi piramidi imatuluka yokongola, n'chifukwa chake aphunzitsi amaikonda. Zansi, omwe anachoka naye kummwera. Enhla, Asotho ndi Atswana omwe anawatola m'njira. Holi, eni dziko omwe anawapeza ku Zimbabwe wa lero. Mayina atatu, mamalikisi atatu. Mnyamata wina wa ku Ntcheu atamva zimenezi anatukumula chifuwa, akuti Angoni nawonso ndi ochokera kummwera, ndiye m'kalasi muno iye ndi Zansi, ena onsewa azimunyamulira chikwama.

"Chabwino mfumu," anatero aphunzitsi. "Tawauzani anthu anuwa zimenezo m'Chingoni."

Mnyamata anatsegula pakamwa, anatseka, kenako anapempha kuti apite panja.

Ankhondo aja ankakwatira akazi omwe anawagwira m'njira ndi omwe anawapeza kuno, ndipo mwana amayamwa chiyankhulo cha amake. Lero Mngoni wa kwa Gomani amayankhula Chichewa, wa kwa M'mbelwa Chitumbuka. Omwe anagonja pa mkondo anadzapambana pa mtondo. Piramidi ilibe pojambula ukwati.

* * *

Aphunzitsi ena achinyamata, ongotuluka kumene ku koleji, ankamukonda Karl Marx mpaka anayamba kusunga ndevu. Anafotokoza kuti kwa Marx magulu akuluakulu ndi awiri: eni mafakitale, minda ndi makina, ndi omwe alibe china chogulitsa koma mphamvu za manja awo. Sizitengera kuti wavala chiyani kapena unabadwira kwa yani, nkhani ndi yoti ndani akugwirira ntchito ndani, ndipo phindu likutsala kwa yani. Ana anamva bwino ndithu, poti ganyu amamudziwa.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anapitiriza ndi mbiri ya mwini wakeyo. Anati ku London ankakhala movutika, ngongole ponseponse, chikhoti chake ankachipinyolitsa mobwerezabwereza, ndipo yemwe ankamutumizira ndalama anali mnzake Friedrich Engels, woyang'anira fakitale ya ulusi wa thonje ku Manchester, momwe bambo ake anali ndi gawo. Buku lake lalikulu, Das Kapital, linatuluka mu 1867.

"Sala, ndiye kuti analemba buku la chuma iye alibe ndi khobidi lomwe?"

"Eya."

"Ndipo ankadya ndalama za bwana uku akunyoza mabwana?"

"Si choncho kwenikweni, komano..."

Mtsikana wina anagwedeza mutu. "Ameneyo kwathu tili naye. Ndi amalume."

* * *

Pa Russia aphunzitsi amathamanga. Alimi omangika ku minda ya mabwana anamasulidwa mu 1861, mfumu inagwa mu 1917, Lenin, kenako Stalin. Poterera ndi pa makulaki. Kusukulu ina ya ku Mchinji aphunzitsi anati kulaki anali mlimi wopezako bwino: ali ndi ng'ombe zingapo, amalemba anzake ganyu, amabwereketsa mbewu n'kumalandira chiwongoladzanja. Asanamalize n'komwe, mitu yonse inali itatembenukira kwa mnyamata mmodzi, yemwe bambo ake ali ndi ngolo ziwiri ndi chigayo.

"Ndiye Stalin anawatani, Sala?" anafunsa wina, maso ali pa mnzakeyo.

"Mu 1930 anayamba kuwalanda zonse n'kuwatumiza ku Siberia ndi madera ena akutali, ndipo ambiri anafera komweko."

Kalasi inati zii. Mwana wa mwini chigayo anadzuka mwaulemu, manja kumbuyo.

"Sala, ndimati ndingonenako kuti ng'ombe zija ndi za azakhali a ku Joni. Ife timangowasungira."

M'mawa mwake bambo aja anatulukira pa njinga yamoto kudzafunsa kuti ndi mphunzitsi uti akuuza ana kuti chigayo chawo chilandidwe. Zinatengera a hedi, a komiti ndi botolo la Fanta kuti amvetse zoti nkhaniyo inachitika kutali ndiponso kalekale. Atamvetsa anati, "Ife nthawi ya Kamuzu bambo anga ankatchedwa mchikumbe, anthu n'kumawaombera m'manja." Ndipo sananame. Mlimi wamtundu womwewo, ng'ombe zomwezo, Stalin anamutcha mdani wa anthu, pomwe kuno anali chitsanzo, Kamuzu mwini wake n'kumatchedwa Mchikumbe Nambala Wani. Bokosi lomwe munthu amaikidwamo limadalira yemwe wagwira choko.

* * *

Piramidi ya nthawi ya atsamunda ndiyo yosavuta kujambula, poti inkatsata khungu: Azungu, Amwenye, Makaladi, anthu akuda. Koma ndiyonso imagumuka msanga. Ku Chiradzulu mwana anafunsa kuti John Chilembwe amuike pati. Munthu anapita ku America mu 1897, anakaphunzira ku Lynchburg, anabwerako ali mbusa, anamanga tchalitchi cha njerwa ku Mbombwe ndi sukulu zakezake, suti sinkamuchoka m'thupi. Komabe anthu ovala ngati iye ankayembekezeka kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu aliyense pamsewu, ngakhale wosatha kulemba kalata yowongoka. Nkhani ya chipewayi inafika mpaka ku komiti yomwe inafufuza za kuukira kwa Chilembwe mu 1915. Ena mwa omwe boma linawapha pambuyo pa kuukirako, monga Duncan Njilima wa bizinesi ndi John Gray Kufa yemwe anaphunzira zachipatala ku Blantyre Mission, sanali anthu ogona ndi njala.

Aphunzitsi anajambula kabokosi kena pakati pa Makaladi ndi anthu akuda. Wina anafunsa za kapitawo, munthu wakuda wogwira chikoti pa akuda anzake. Kabokosi kena. Msilikali wa boma wosaka osakhoma msonkho? Kena. Mfumu yolandira kangachepe kwa DC? Kena. Nanga Mlomwe wongofika kumene kuchokera ku Mozambique, wopanda malo, yemwe ngakhale wosauka mnzake ankamuyang'anira pansi? Apa bolodi linatha. Aphunzitsi anagwada n'kumulemba pakhoma.

Sukulu ina ya ku Thyolo inachita zanzeru, inaitana agogo ena a m'mudzi kuti adzafotokoze okha za thangata, zomwe anaona ali mwana ndi zomwe bambo awo ankawasimbira. Anabwera ndi ndodo, anakana mpando, anakhala pa sitepe. Anati kuti ukhale pamalo a esiteti unkagwira mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma mweziwo sunkawerengedwa ndi mwezi wa kumwamba, unkawerengedwa ndi tikiti. Tsiku lililonse kapitawo ankachongapo kamodzi, ndipo ngati ndime yako sunamalize, kapena nkhope yako sinamusangalatse, ndiye kuti tsikulo silinachitike. Mwezi umodzi unkatha kukwana milungu isanu ndi umodzi kapena kuposapo. Nthawi yake inkakhala ya dzinja, pomwe munda wako nawonso ukulira khasu. Wokana ankathamangitsidwa pamalopo. Kwa A. L. Bruce ku Magomero, komwe woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anadulidwa mutu pa 23 January 1915, kunatchuka ndi zomwezi.

Ana analemba, ena kukamwa kuli yasa. Pomaliza aphunzitsi, pofuna kuonetsa mlendo kuti ana awo ndi akuthwa, anafunsa mokweza:

"Thangata anatha liti?"

"1962!" kalasi yonse pamodzi.

Agogo anatchera khutu. "Akuti chiyani?"

"Akuti anatha mu 1962, agogo."

"Anatha?" Anayang'ana panja, pomwe tiyi wayala kuyambira kuseri kwa chimbudzi cha sukulu mpaka kuphiri. "Nanga bwanji sanabwere kudzatiuza?"

* * *

M'makope ambiri magulu a anthu amathera pa 6 July 1964. Mbendera ya atsamunda ikatsika piramidi nayonso imafufutidwa, tsamba lotsatira ndi mafunso obwereza. Mwana wina wa ku Kasungu, yemwe anabadwira pa esiteti ya fodya makolo ake ali matenanti, anafunsa kuti nanga iwo ali pati. Funso lake linali ndi mutu. Kwa zaka zambiri dziko litalandira ufulu, mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale. Anali wa eni maesiteti okha, ndipo ambiri mwa eni akewo anali andale ndi akuluakulu a boma. Wamba ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC pamtengo wochita kuuzidwa. Chitseko cha bale chinayamba kutsegukira alimi ang'onoang'ono mu 1990. Tenanti ankatenga ufa, mchere ndi feteleza pangongole kwa bwana chaka chonse, pogulitsa fodya n'kuuzidwa kuti ngongoleyo yatsalako.

Aphunzitsi anayang'ana kukhomo, anayang'ana pazenera, n'kutsitsa mawu.

"Zisanafike 1964 ndi Hisitole. Zitadutsa 1964 ndi ndale. Ine ndinalembedwa ntchito ya Hisitole, ndipo ndili ndi ana anayi."

* * *

Pampikisano wa mafunso m'boma lina, ana a sukulu ya pulaiveti anafika pa basi ya makatani, a sekondale ya boma yogonera komweko pa lole ya sukulu, a CDSS wapansi, ena n'kubwerekana nsapato pageti. Funso linagwera a CDSS: tchulani magulu atatu a anthu ku France mu 1789. Buku lokhala ndi yankholo kusukulu kwawo ndi limodzi, ndipo limagona kunyumba kwa aphunzitsi. Analephera. Nthawi ya nkhomaliro a pulaiveti anatsegula timabokosi ta soseji, a yogonera anazungulira ndowa ya mpunga wa nyemba, a CDSS anagawana chinangwa chophika pansi pa mtengo. Mmodzi anagunda mnzake ndi chigongono.

"Aise, funso lija akanatifunsa panopa."

* * *

Mphunzitsi mmodzi ndiye ndinamva kuti anatembenuza zinthu. Anati aliyense ajambule piramidi ya malo omwe amawadziwa bwino. Wa sukulu yogonera anaika wophika pamwamba pa a hedi, chifukwa ndiye amagwira chipande. Wina anajambula minibasi: mwini galimoto, dalaivala, kondakitala, woitanira, ndipo pansi penipeni okwera, omwe ndiwo amalipira onsewo.

Koma yopambana inali ya mtsikana yemwe anajambula maliro. Pansonga anaika olemekezeka ofika mochedwa pa galimoto, omwe amapeza mipando ya pulasitiki yakutsogolo mu tenti ikuwadikira, mayina awo n'kutchulidwa ndi maudindo onse ngakhale malemuyo sankamudziwa. Iwowa amachita kunong'onezedwa kuti akasambe m'manja m'nyumba yoyandikana, komwe kuli mpunga wa nkhuku. M'munsi mwawo mafumu ndi akulu a mpingo, nsima ya nyama, aliyense mbale yake. Kenako amuna wamba pansi pa mtengo, beseni limodzi anthu asanu, nyemba ndi kabichi. Pansi penipeni amayi omwe anachezera kuimba m'siwa, anatunga madzi, anaphika zonsezo, ndipo amadya zotsala dzuwa litapendeka. Anawonjezera m'mphepete kuti chipepeso chikamawerengedwa, wopereka K50,000 amatchulidwa dzina ndi komwe amagwira ntchito, opereka K500 amangotchedwa ena onse.

Adzukulu anawajambula kunja kwa piramidi, ndi muvi woloza pansonga. Aphunzitsi atafunsa chifukwa chake, anayankha kuti, "Amenewa tsiku wamba ndi apansi, Sala. Koma akasiya kukumba chifukwa nsima yachedwa, ngakhale a MP amadikira."

Aphunzitsi anamupatsa 10 pa 10, ndipo ine ndikanawonjezerapo. Mwanayo anaonetsa wogwira ntchito, wodya, wotchulidwa dzina, ndi tsiku lomwe apansi amakhala ndi mphamvu. Mabuku ena onenepa satha kunena zinayi zimenezi. Oyendera sukulu atabwera anaona kopelo n'kulemba mu lipoti kuti aphunzitsiwa akutaya nthawi ndi zinthu zosabwera pa mayeso.

* * *

Kumayadi nako phunziroli limafika, kungoti limafika pa galimoto. Kamnyamata kena kanaphunzira za ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku England, oyamba m'bandakucha n'kuweruka usiku, ana ang'onoang'ono ali momwemo, mpaka lamulo la mu 1833 linaletsa kulemba ana osakwana zaka 9. Kanafika kunyumba kali ndi chisoni. Madzulo pa tebulo kanafotokozera bambo ake, bambowo n'kumagwedeza mutu kuti Azungu analidi ankhanza. Anti anabweretsa ndiwo, anachotsa mbale, n'kubwerera kukhitchini kukadya chiimirire.

"Adadi, anti amadzuka nthawi yanji?"

"Faifi."

"Nanga amagona nthawi yanji?"

"Tikamaliza kudya, akatsuka mbale."

"Amapuma tsiku liti?"

"Idya, ndiwo zikuzizira."

"Amalandira zingati?"

Bambo anaika foloko pansi. "Kodi zimenezo zibwera pa mayeso?"

M'mawa mwake foni ya a hedi inalira kalasi isanayambe, akuti pali mphunzitsi wina akulowetsa ana ndale.

Makolo, mwana akakufunsani funso limenelo musavutike n'kuimbira a hedi. Aphunzitsi anangophunzitsa za ku England. Muuzeni mwanayo chiwerengero chake, ndipo mukaona kuti chikukanika kutuluka pakamwa, mwezi uno muwonjezereko.